Ndege za a Swaibu Zasowa

"Lolemba ndikubwera ndi makwerero," anatero a Swaibu, amuna anga, akupukuta fumbi pa kabokosi kawo ndi nsonga ya malaya. "Antena ndidzatsitsa, kabokosi ndidzanyamula, zonse zipite kwa Maryam. Nyumba yolowa akuba sindingasungemo zinthu zanga."

Kwa Maryam!

Ine ndine Ayisha, mkazi wamkulu. Nyumba yanga ili tsidya lino la Shire, mbali ya Balaka, pamalo amene anandisiyira malemu mayi anga. Maryam ndi wamng'ono, amakhala ku Liwonde, tsidya la Machinga. Masiku timagawana mofanana monga mwa chipembedzo chathu, palibe wodandaula. Koma ine ndinali ndi chinthu chimene Maryam analibe, ndicho kabokosiko.

A Swaibu anakhalako ku Joni, akutsuka magalimoto pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo anabwerako atapenga nazo ndege. Anzawo anabwera ndi mafiriji ndi masofa. Iwo anabwera ndi kabokosi kofanana ndi sopo wochapira, chingwe chachitali ndi antena, imene anaimangirira pansungwi padenga langa. Ati ndege zodutsa m'mwambamu, zochokera ku Joni kupita ku Nairobi kapena ku Dubai, zimayenda zikulengeza dzina lake ndi pamene zafika. Antena imatola zimenezo, kabokosi n'kutumiza pa intaneti, ndiye ndegezo zimaoneka zikukwawa pamapu a pafoni. Salandirapo kanthu ayi, n'chikondi chabe. Munthu wamkulu, mwini shopu ya zipangizo za njinga zamoto, kusiya tiyi kuzizira chifukwa ndege ya ku Addis yachedwa!

Kuti kabokosi kalowe pa intaneti kamadalira kamifi, kachipangizo kolowa m'thumba kamene kamagawa waifai. Kankakhala pashelefu, pambali pa kabokosi. Kamifi kameneko ndiko kanasowa.

Kabokosiko ndinkadana nako, ndisaname. Bandulo yake sinkatha, pamene ine mwini nyumba pasiwedi sanandipatse, ati ndingamalize ndi mavidiyo. Koma kankandigwirira ntchito imene mankhwala a sing'anga sangagwire. Ngakhale pa masiku a Maryam, masana a Swaibu ankaoloka baraji, mlatho wa pa Shire, pa njinga yamoto n'kuima pa okala yanga, pamene ndimagulitsa mayunitsi ndi zitenje.

"Patseni kiyi, netiweki yagwanso."

Ndinkawapatsa kiyiyo pang'onopang'ono kuti amayi onse a pamsika aone bwino. Tsiku la Maryam, njinga ili pakhomo panga dzuwa lili paliwombo! Zinkandikoma mpaka kumsana. Tsono antena ikaoloka Shire, ndiye kuti njinganso yaoloka, ine nditsale ndi masiku anga owerengeka, Maryam azindiseka.

"Bambo a Kulusumu," ndinatero, "kanasowa liti kwenikweni?"

"Mukundifunsa ine? Pa sadaka ija Loweruka, tikupempherera malemu. Nyumba inadzaza anthu, inu muli kuseri ndi miphika, chitseko chili pululu."

"Nanga dzulo tikudya foni yanu inalira bwanji? Ndi kulira kumene imalira kabokosi kakalowa pa netiweki. Ndimakudziwa."

"Anali kasitomala wofuna tcheni."

"Kasitomala mpaka kuivundikira foni pamkeka?"

Anawerama n'kuzula chaja ya kabokosi pakhoma, tinyali take tonse n'kuzima. Chajayo anaikulunga bwinobwino n'kuiika m'thumba.

"Kasamangodya magetsi pachabe," anatero, n'kutuluka.

Ndinatsala ndikuyang'ana shelefu. Wakubayo ndinayenera kumupeza Lolemba lisanafike, ndipo mumtima mwanga ndinali nditamupatsa kale dzina.

*

Ndinayamba ndi Monica. Amachita lendi zipinda zanga ziwiri za kuseri, zimene khomo lake linayang'ana kumpanda, ndipo amaluka tsitsi pa saluni ya kumsewu. Pa sadaka anatithandiza kupeta mpunga ngakhale ndi Mkhristu. Ankandiluka ulere, ine n'kumamuuza zanga zonse.

Ndinamupeza madzulo akupesa meshi pakhonde.

"Asisi, khalani pansi kaye, nkhope yanuyi yandiopsa. Ayi, bwerani kuno, mizere iyi yayamba kumasuka." Anandivula mpango n'kuyamba kundipaka mafuta ake aja onunkhira ngati maswiti. "Za kamifi? Ine sindifuna kunena zambiri, mukudziwa ine si wa mijedo."

"Nena."

"Shuwa ndinene? Chabwino. Nthawi imene mashehe ankawerenga duwa, tonse tili kuseri, ndinaona munthu akulowa pakhomo lakutsogolo. Nsalu yobiriwira, chikwama chagolide pamkono. Polowa chikwama chinali chophwa. Potuluka ankachigwira chonchi, ngati muli mazira."

"Maryam."

"Ine dzina sindinatchule, asisi. Koma taganizani. Ndani angapindule antena itachoka pano? Mwana ameneuja ndi wochenjera, amaseka nanu mano okha. Ine zimandiwawa, mwamuna wabwinobwino ngati uja kumangothera kwa munthu wosadziwa n'komwe kuphika."

Mawu akuti wabwinobwinowo anawakoka kwambiri, koma ine makutu anga anali pa nsalu yobiriwira. Ndinadzuka mutu ukununkhira, mtima ukuwira.

*

Loweruka m'mawa, a Swaibu ali kushopu, ndinakwera kabaza n'kuoloka baraji. Maryam ndinamupeza akuyanika makatani atsopano. Pawindo la pabalaza anali atakonza kale katebulo, atayalapo kansalu koluka.

"Asalamu aleikumu, achemwali. Mwabwera kudzaona pamene kadzakhale?"

"Wa aleikumu salamu. Ndabwera kudzatenga kamifi."

Anaseka osatsegula pakamwa. Maryam salankhula mokweza, amangocheka pang'onopang'ono.

"Lowani mufufuze. Yambani m'sutikesi, kenako pansi pa matiresi. Mukatopa ndikuphikirani tiyi."

"Pa sadaka unalowa m'nyumba mwanga."

"Ndinalowa, inde. Munandituma ndinu, kuti ndikatenge mbale zagalasi za mashehe m'kabati. Mwaiwala? Chikwama ndinanyamula chifukwa kuseri kuja kunali anthu amene sindikuwadziwa, ndipo potuluka ndinaikamo masupuni chifukwa manja anadzaza. Masupuniwo munawalandira nokha."

Zinali zoona, ndipo zinandinyansa kuti zinali zoona.

"Pashelefu unaonapo chiyani?"

"Kabokosi ndi fumbi. Fumbi lambiri ndithu, achemwali. China sindinaone." Anakung'untha katani. "Koma poti mwabwera nokha, nanenso ndifunse. Simuchita manyazi? Masiku anu ndimawalemekeza, sindinaimbepo foni ali kwanu. Koma tsiku langa likafika, mpunga ndapakula, iwo ati netiweki yagwa kwa amayi aakulu. Amapita dzuwa lili pamutu, kubwera madzulo pemphero la Asiri litadutsa, atatopa, osafuna n'kudya komwe. Malaya onse fungo la maswiti."

Ananunkhiza mbali yanga n'kukwinya mphuno.

"Ndi limeneli. Wallahi ndi limeneli. Ndiye mukuti wakuba ndine? Wakuba masana anga ndani?"

Ndinakonza mpango wanga mwamatama. Ndinaganiza kuti fungolo amalitenga pa pilo wanga akamapumula pambuyo pokonza kabokosi, ndipo sindinafune kumuuza kuti nthawi imeneyo ine ndimakhala ku okala. Mlekeni apse mtima, ndinatero chamumtima.

"Lolemba ndibwera nawo," anatero Maryam ndikutuluka pampanda. "Antena ndidzainyamula ndekha pamiyendo, tidzadutse pamsika panu pang'onopang'ono."

*

Ndisanaoloke kubwerera ndinapatukira kwa Walter, wokonza mafoni pafupi ndi depoti, amene ndimagulako machaja ogulitsa pa okala. Ndinamupeza atawerama pa foni yotsegula m'mimba, utsi wa mtovu uli tolotolo. Walter amalankhula ngati akuthamangitsidwa.

"Anti, za kabokosi ka madala? Ndimakadziwa, ndinawathandiza ndine kuika khadi. Vuto la timabokosi timeneti ndi zinthu zitatu basi. Kaya chaja yafooka, kaya bandulo yatha, kaya waifai yathawa. Chaja ikafooka kamangoyaka n'kuzima. Bandulo ikatha tinyali timayaka koma mapu ali gwa. Kanu katani?"

"Kamifi kabedwa."

"Ndiye waifai yathawa ndi miyendo. Tsamba lake la pa intaneti muli nalo?"

Ndinali nalo. A Swaibu anandiikira pafoni kalekale kuti ndiziwaonera ngati kadontho kali kobiriwira kapena kofiira. Chisowere kamifi sindinalitsegulenso, ndinkati ndionapo chiyani. Walter analitsegula n'kutsitsa m'munsi, kumene ine sindinkafikako. Kunali mzere wautali wa masiku, pena pobiriwira, pena potuwa.

"Apa pobiriwira ndiye kuti kanali pa netiweki, ndege zikulowa. Potuwa kanali kokha ngati mwana wamasiye. Mwati kanabedwa liti?"

"Loweruka lapitalo, pa sadaka."

"Iyayi, anti. Onani. Kanazima Lachisanu madzulo, cha m'ma Magharibi. Loweruka lonse mbuu."

Lachisanu madzulo kunalibe mlendo ndi mmodzi yemwe. Ine ndinali kumsika kukatenga anyezi ndi mafuta, mwana wanga Kulusumu ali kusukulu yogonera konko. Maryam anali kwake tsidya lija. Ndinamva chisoni chenicheni, ngati andilanda nyama pakamwa.

"Dikirani, pali zina," anatero Walter, atasiya ntchito yake. "Kanabedwa, eti? Nanga izi zobiriwirazi? Lamulungu masana kalowa. Lolemba tsiku lonse, mwaa! Lachiwiri masana pang'ono, madzulo kalowanso. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi m'mawa ndiye kafa kotheratu."

"Lachinayi anazula chaja eni ake. Koma kangalowe bwanji popanda kamifi? Mwina kakutola waifai ya anthu ena?"

"Sikangatero. Kabokosi aka ndi kokhulupirika kuposa anthu, kamadziwa dzina limodzi ndi pasiwedi imodzi. Kakamva dzina limenelo kamalowa kokha, osafunsa. Ndiye ngati kamalowa, kamifi kanu kamayaka penapake pafupi."

"Pafupi bwanji? Liwonde?"

Walter anaseka mpaka kutsokomola.

"Liwonde! Anti, waifai ya kamifi siidutsa nyumba ziwiri. Pakakhala khoma la njerwa ndiye imafika yotopa kale. Wakuba wanu akamayetsemula mumamumva."

Anandionetsa chochita. Nditsegule waifai pafoni yanga, ndiyang'ane dzina lakuti SWAIBU NDEGE. Pasiwedi siifunika, dzina limaoneka kwa aliyense. Ndikamayandikira, timizere ta pambali pake tizichuluka, ndikamatalikira tizichepa. Ndinagula chaja yamphamvu yokwana pa kabokosi n'kuibisa m'chikwama.

"Koma madala zimenezi akuzidziwa," anatero Walter ndikunyamuka. "Foni yawo imalira kabokosi kakalowa. Sanakuuzeni?"

*

Lamulungu sindinatsegule okala. Ndinakhala pabalaza foni ili m'manja, waifai yotsegula, ndikuwerenga anthu oyandikana nane. Kumanja kuli agogo ena osaona bwino, foni yawo ndi ya mabatani. Kumanzere kuli nyumba yosatha, mumagona mbuzi. Kutsogolo ndi msewu. Ndinayesa kuganiza za anyamata a kabaza amene amaima pamthunzi wa mtangatanga, koma wa kabaza sakhala malo amodzi Lolemba lonse.

M'mawa wonse dzinalo silinaoneke. Belu la kutchalitchi linalira, nyimbo zinamveka chapatali, kenako anthu anayamba kubwerera atapanira mabuku m'khwapa. Ndinamva chitseko cha mpanda wakuseri chikulira, nsapato zazitali zikugogoda pasimenti.

Posakhalitsa foni inaonetsa SWAIBU NDEGE, kamzere kamodzi.

Ndinatulukira khomo lakutsogolo dala. Ndinayenda cha kumsewu, dzinalo linazimiririka. Ndinapita cha kwa agogo aja, palibe. Ndinkafunitsitsa litandikokera kwina kulikonse, koma ayi ndithu. Nditabwerera m'nyumba n'kulowa kukhitchini, timizere tinakhala tiwiri. Pakhomo lakuseri, titatu. Ndinadutsa pa chingwe choyanikira zovala mpaka pawindo la Monica. Timizere tonse tinadzaza. M'katimo munkamveka vidiyo ya mkazi wolankhula Chingerezi, akuphunzitsa kaya kaluke kanji, Monica akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi.

Lamulungu m'mawa amakhala kutchalitchi. Lolemba saluni satsegula. Masiku ena amabwera masana kudzaphika, n'kubweranso madzulo. Mzere wa Walter uja unali ndandanda ya moyo wa Monica.

Njoka! Kundipaka mafuta m'mutu kwinaku akundinamiza za nsalu yobiriwira! Dzanja linanyamuka kuti ndigogode, koma ndinalibweza. Ndikalowa ndekha adzakaponya m'chimbudzi n'kukana. Ndinafuna a Swaibu adzaone ndi maso awo kuti wakuba si mlendo wa pa sadaka, si kusasamala kwanga, ndipo antena ilibe chifukwa chochokera padenga langa. Ndinafunanso Maryam adzabwerere wopanda antena pamiyendo.

Funso la Walter lija linkandizungulira m'mutu ngati udzudzu. Ndinalithamangitsa. Ndinati mwina bambowo foniyo sanaimvetse bwino.

*

Lolemba anafika dzuwa litakwera. A Swaibu kutsogolo, Maryam kumbuyo atavala nsalu yobiriwira yomwe ija, makwerero obwereka atawamangirira m'mbali mwa njinga. Maryam anatsika ngati mkwatibwi.

"Mwadzuka bwanji, achemwali? Tisakuchedwetseni, tingotenga katundu wathu."

"Tengani," ndinatero. "Madzi akumwa ndikupatseni?"

A Swaibu anandiyang'ana modabwa, chifukwa ankayembekezera phokoso. Anaimika makwerero pakhoma, anavula nsapato, n'kuyamba kukwera atanyamula pulayazi. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa chaja ya kwa Walter, n'kulumikiza kabokosi. Kanyali kofiira kanayaka, kobiriwira n'kuyamba kuphethira. Ndinatuluka n'kuima pafupi ndi Maryam, manja nditapinda.

A Swaibu anali atafika pansungwi, akumasula waya woyamba. Bwanji ngati lero Monica sanayatse?

Foni inalira m'thumba mwawo, kulira kuja.

Pulayazi inagwa n'kukhoma pamalata.

"Kasitomala wa tcheni uja wayambanso," ndinatero. "Tsikani, bambo a Kulusumu. Ndege zanu zabwera."

Ndinatsegula mapu pafoni yanga n'kumuonetsa Maryam. Kadontho kanali kobiriwira, ndipo kandege kamodzi kankakwawa pamwamba pa Machinga kulowera kumpoto.

"Ndiye kamifi kapezeka?" anafunsa Maryam, nkhope itagwa.

"Sikanapite kutali. Tiyeni nonse, ndikuonetseni wakuba."

"Mayi a Kulusumu, dikirani," anatero a Swaibu akutsika mothamanga, mpaka kuphonya sitepe yomaliza. "Zisiyeni. Ndagula kale kena. Nkhani yatha, antena ikhale pompano, sindichotsanso. Mwamva? Sindichotsa."

Ndi mawu amene ndinkawafuna sabata yonse. Akanawanena Lachinayi ndikanawaphera nkhuku. Koma anawanena thukuta lili kamukamu, maso ali kuseri kwa nyumba.

"Mwagula kena liti?" anafunsa Maryam. "Ine osandiuza?"

Sindinadikire yankho. Ndinanyamula foni m'mwamba ngati tochi n'kuzungulira nyumba, Maryam pambuyo panga, a Swaibu akutitsatira opanda nsapato. Timizere tiwiri. Titatu. Pakhomo la Monica ndinagogoda ndi chibakera.

Anatsegula atavala chitenje chomanga pachifuwa, kamifi kali m'manja, kanyali kake kakuyaka. Sanayese n'komwe kukabisa. Anatiyang'ana tonse atatu mmodzimmodzi n'kutsamira pafelemu.

"Wakuba iwe!" ndinakuwa. "Ndimakusunga pamalo a mayi anga, ndimakuuza zakukhosi, iwe n'kulowa m'nyumba mwanga kudzaba? Lero ukagona kupolisi."

"Kuba? Asisi, ine m'nyumba mwanu sindinalowe. Aka anandibweretsera okha, Lachisanu lija inu muli kumsika. Afunseni, si awa aima apawa."

"Ndinangomubwereka," anatero a Swaibu, mawu atauma. "Usiku umodzi, ati atsitse mavidiyo a ntchito. Anakana kubweza. Ndikanati chiyani? Ndinati ndinene kuti kabedwa, ndigule kena, zithe."

"Kubwereka!" Monica anaseka mokweza. "Mukuti kubwereka lero? Chaka chathunthu mukundiuza kuti dikira, ndiwauza amayi aakulu, dikira, nditumiza ankhoswe kwa amalume ako. Ndinakuuzani kuti mawu ndatopa nawo, ndipatseni chikole. Munati mulibe kanthu m'thumba. Ndiye ndinati chabwino, chimene mumachikonda kuposa akazi anu onse ndi ichi, chikhale chimenechi. Ichi ndi chikole changa, asisi. Chikole sabweza, pokhapokha mwamuna anene pamaso pa anthu kuti ukwati waukana."

"Monica, tseka pakamwa."

"Munandiuza kuti ndisamayatse, ati kabokosi kangamve. Ine chikole changa ndisayatse? Ndinayatsa dala, tsiku ndi tsiku. Mutaona kuti zavuta mwati muthawitse antena kutsidya, inunso muthawire konko, ine nditsale ngati chitsiru. Ndiye nenani pano. Akazi anu ndi awa, onse awiri."

A Swaibu anayang'ana zala zawo zakuphazi.

"Nanga za Maryam unandinamiziranji?" ndinafunsa.

"Mumafuna kumva dzina lake, ndinakupatsani. Inunso mukanakonda atachoka, musakane."

Mphepo inawomba kuchokera m'chipindamo, ndipo fungo la maswiti linatipeza pamene tinaima. Maryam ananunkhiza kamodzi. Anayang'ana Monica, anayang'ana mpango wanga, kenako anayang'ana kanjira kochokera pakhomo langa lakuseri kufika pakhomo la Monica. Kanali kopondedwa bwino, kopanda udzu ndi umodzi womwe. Ine ndinkadutsa pamenepo tsiku lililonse osakaona.

"Mayi a Kulusumu," anayamba a Swaibu, "tiyeni m'nyumba tikambirane ngati anthu. Antena ndanena kale, ikhala. Kabokosi kakhala kwanu mpaka kalekale."

"Kwerani," ndinatero.

"Mwati?"

"Kwerani makwerero anuwo mutsitse chinsungwi chanucho. Denga ili ndi la mayi anga. Iwe Monica, pofika mawa zipinda zanga ndizipeze zopanda kanthu, chikole chakocho upite nacho. Za ukwati mukakambirane kumsewu."

"Kwanganso isabwere," anatero Maryam mwakachetechete. "Katebulo kaja ndiikapo maluwa."

A Swaibu anaima pakati pa bwalo akutembenukira uku ndi uku. Kenako anapita kukakwera. Tinamva waya akulira padenga, nsungwi ikukhuluzika pamalata. Pafoni yanga kandege kaja kanaima malo amodzi, kenako kanazimiririka.

Ndinakakhala pakhonde lakutsogolo. Ndinavula mpango n'kuyamba kumasula mizere ya Monica ndi zala, mwaukali, tsitsi likuthothoka. Maryam anabwera n'kukhala pambali panga, chikwama chagolide chili pamiyendo. Sitinayang'anane. Patapita nthawi anachotsa dzanja langa m'mutu n'kuyamba kumasula yekha, bwinobwino, kuyambira kumbuyo.

"Achemwali," anatero, mawu ake opanda mpeni uja. "Chaka chonsechi ndakhala ndikukutukwanani mumtima. Masana onse aja, mpunga wanga ukuzizira, sanali nanu?"

Ndinayang'ana njinga yamoto itaima pakhomo panga, pamalo ake a masiku onse, poonekera msika wonse.

"Iyayi," ndinatero. "Ine ndinkangopereka kiyi."